Atibweza

Mpopoma, Bulawayo
9 Epulo 2024

Okondedwa achimwene a Pitala,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tadzuka, kungoti madzi pampopi asanduka mlendo, kubwera lero n'kusowa sabata yonse. Mundiuze za kumunda, chifukwa zimene tikumva za dzuwa la chaka chino sizikutipatsa mtendere. Kalatayi ndapatsira Issa wa geni ya zitenje uja, pamodzi ndi bulangete la alamu.

Achimwene, atibweza.

Takondwa wanga munamuona komaliza ali kumbuyo, ndiye zambiri mumangomva. Pano ali ndi zaka khumi. Mukudziwa kuti anachedwa kulankhula, ndipo phokoso likachuluka kapena zinthu zikasintha mwadzidzidzi ankadziluma dzanja mpaka magazi, nthawi zina kumenyetsa mutu kukhoma. Zaka zitatu takhala tikukwera kombi, minibasi ya kuno, Lachiwiri ndi Lachinayi kupita m'tauni kwa sisi Rachel, mayi wa Chindebele amene anaphunzira ntchito yowongola khalidwe la ana otere. Iyeyo ndi amene anamuphunzitsa kupempha chinthu poloza makadi a zithunzi m'malo modziluma, kenako kutchula mawu, kuvala yekha, kukhala pansi m'kalasi. Zipsera zapadzanja zinayamba kuzimiririka.

Lero titamaliza, sisi Rachel anandikhazika pampando n'kundiuza kuti nthawi yakwana yoti tikambirane zomaliza. Anatchula mawu a Chingerezi aja amanena akamatulutsa munthu m'chipatala, akuti disichaji. Anapitiriza kulankhula zambiri, pepala lili m'manja, koma ine makutu anali atatseka kale. Ndinangomugwira mwana padzanja n'kutuluka osatsanzika.

Ndapsa mtima, achimwene, ndipo ndili ndi mantha. Mwanayu sanachire. Sacheza ndi anzake, sayang'ana munthu kumaso, ndipo akavutika dzina limene amaitana ndi la Rachel, osati langa. Ndiye lero akuti tamaliza? Ndikuona kuti atopa nafe, apeza ana ena osavuta. Bambo ake a Takondwa akuti ndibwerereko ndikamve bwinobwino, koma ine sindipondakonso. Munthu akakutsekera chitseko sugogodanso.

Mundiyankhe Issa akamabwerera.

Ine mlongo wanu,
Abigail


Linthipe, Dedza
28 Epulo 2024

Mlongo wanga Abigail,

Moni wochokera kwa tonse. Bulangete lafika, alamu ako akuthokoza kwambiri. Kumunda usafunse, chimanga chinauma chili chiimire. Tikudalira kudimba, tomato ndi kachewere.

Kalata yako ndinaiwerenga kawiri, ndipo pa mawu akuti atibweza ndinaika pepala pansi. Iwe unali wamng'ono pamene tinapita ndi malemu mchimwene wathu Laston kuchipatala chachikulu chija, koma ine ndinalipo, ndine ndinamunyamula potsika basi. Adokotala anatiuza mwaulemu kwambiri kuti kazimusamalirani kunyumba. Titafika pamudzi mayi anangonena mawu omwewo, atibweza, ndipo amayi apamudzi anayamba kulira mnyamata ali moyo. Dzinja lisanathe tinamuika m'manda. Ndiye usandiuze kuti sindidziwa tanthauzo lake. Achipatala akakubweza ndiye kuti nzeru zawo zathera pomwepo.

Tsono tamvera. Chimwalirireni mayi ndi malume athu, mwini mbumba ndine, ndipo Takondwa ndi mwana wa mbumba yanga. Sindingalole kuti azivutikira m'kachipinda ka lendi kudziko la eni, mayi ake ali pa makina osokera tsiku lonse, bambo ake ali ku zitsulo. Kuno kuli bwalo, kuli azakhali ake, kuli anthu omuyang'anira kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Kuno kulibe makombi ophokosera. Sukulu zikatsekera mu Ogasiti ubwere naye, umusiye m'manja mwathu, iwe ubwerere ku ntchito yako. Mutu umodzi susenza denga.

Nkhani imeneyi usandiimbire foni. Foni yanga imakhala kotchajitsa pa golosale, ndipo munthu ukamalankhula pamenepo msika wonse umatchera khutu. Za mbumba zimayenda papepala.

Ndine mlongo wako,
Pitala


Mpopoma, Bulawayo
21 Meyi 2024

Achimwene,

Moni nonse. Pepani ndi za chimanga. Issa anachedwa pachipata cha Nyamapanda ndi katundu wake, ndiye kalata yanu ndailandira mochedwa. Kuno kwayamba kuzizira, kuzizira kwa ku Bulawayo kolowa m'mafupa.

Zinthu zaipa. Chisiyireni kupita kwa sisi Rachel, Lachiwiri ndi Lachinayi Takondwa amavala nsapato zake m'mamawa, kutenga kachikwama ka makadi, n'kukaima pageti. Sadya, sayankha, amangoyang'ana kumene kumachokera makombi. Sabata yoyamba ndinamunamiza kuti Rachel wadwala. Sabata yachiwiri ndinamukalipira. Sabata yachitatu ndinamukoka kuti alowe m'nyumba, ndipo anadziluma pamalo pomwe paja panapola. Pano dzanja lili ndi bandeji. Mawu amene ankatchula akuchepa tsiku ndi tsiku, ngati madzi m'ndowa yobooka.

Aphunzitsi ake andiitana kawiri kuti ndidzamutenge sukulu isanaweruke. Ku Kelvin kumene ndimasoka maovolosi, kapitawo wandiuza kuti makina sadikira munthu. Mayi eni nyumba nawo ayamba kundipatsa moni wa pakamwa pokha chifukwa cha kukuwa kwa mwana. Sisi Rachel waimba foni kangapo, ine osayankha. Akufuna andiuze chiyani, poti anatibweza yekha?

Dzulo ndinamusambitsa, ndipo pomupukuta ndinaona kuti akundiyang'ana ngati munthu wachilendo amene wamulanda chinthu. Ndinalira, achimwene. Ndinabereka ndine, koma sindidziwa pomugwira. Mwina mukunena zoona kuti kumudzi akapezako mpumulo. Sindifuna n'kuganiza komwe zodzakwera basi yobwerera ndili ndekha, koma ndasowa mtengo wogwira.

Ndavomera. Mu Ogasiti ndipempha tchuthi, tidzabwera limodzi ndi Issa. Bambo ake sindinawauze bwinobwino, koma mwambo wathu akuudziwa.

Ine,
Abigail


Donnington, Bulawayo
2 Juni 2024

Alamu a Pitala, kuno timati sibali,

Salibonani. Ndine Percy, mwamuna wa Abigail. Mukhululuke Chichewa changa. Ine ndinabadwira konkuno ku Mpopoma, bambo anga anachoka ku Nyasalande kudzagwira ntchito ya njanji. Chichewa ndimamva chonse, koma polankhula chimandithawa, polemba ndiye kwambiri. Ndikulemba pa nthawi yopuma kuno ku ntchito, Abigail ndamuuza kuti ndikulemberani.

Ndamva zoti mwana apite kumudzi. Ndikudziwa kuti kwanu mwana ndi wa kwa mayi, ndipo sindikulimbana ndi malume. Koma ndikupempha mumve izi kaye.

Ndinapita ndekha kwa sisi Rachel. Ananditulutsira pepala lomwe lija ankafuna kumuonetsa Abigail tsiku lija. Sibali, iye sananene kuti walephera. Akuti Takondwa wafika pamene ankafuna kuti afike, ndipo zotsala sangaziphunzire m'chipinda cha Rachel, aziphunzira kunyumba, kusukulu, mu kombi, ndi ife. Akuti mwana akazolowera kuti womuthandiza ndi mmodzi yekha, tsiku limene munthuyo adzasamuke kapena kudwala, zonse zidzagwa. Ndiye pulani yake inali yochepetsa masiku kancane kancane, ndiye kuti pang'onopang'ono, uku akuphunzitsa ife makolo ndi aphunzitsi. Akuti kudula kamodzi ngati mmene zachitikiramu ndi chimene iye ankachiopa kwambiri. Polankhula zimenezi maso ake anali ofiira.

Ndiye mawu akuti atibweza si oona. Pali mawu ena a Chichewa, ndawafunafuna m'mutu sabata yonse koma ndawaiwala. Ndi chimene bambo anga ankachita mlendo akamapita. Sankatsanzikana naye pakhomo ayi. Ankamunyamulira chikwama, kuyenda naye mpaka pa kona ya mashopu, kuima pamenepo, kumupatsa chikwama chake, n'kumamuyang'ana mpaka wakhota. Inu mawuwo mukuwadziwa. Chimenecho ndi chimene Rachel amafuna kuchita.

Ndamuchonderera Abigail kuti tibwerereko. Sanavomere, koma sanakanenso. Chonde tipatseni nthawi. Ndili ndi mwana mmodzi yekhayu.

Lisale kuhle,
Percy


Linthipe, Dedza
30 Juni 2024

Mlongo wanga,

Tili bwino, kupatula chifuwa chimene chagwira ana chifukwa cha chisanu. Makalata onse awiri afika tsiku limodzi, yako ndi ya alamu. Za dzanja la mwana zandiwawa kwambiri.

Alamu uwauze kuti Chichewa chawo si choipa monga akuganizira, chimangoyenda motsimphina. Mawu amene awasowa ndi kuperekeza. Koma uwauzenso kuti timaperekeza mlendo amene ali ndi miyendo yake, wadya wakhuta, njira akuidziwa. Wodwala saperekezedwa, amanyamulidwa. Munthu amene wasiya wodwala pa mphambano n'kubwerera, ngakhale atamwetulira chotani, wamutaya basi. Anthu ophunzira ali ndi luso lokuta mawu owawa ndi shuga, ndinaziona ndi maso anga. Ndipo umboni suli patali: mayiyo atangomusiya, mwana wabwerera pomwe anayambira. Ngati anachira, bandejiyo ndi ya chiyani?

Sindikuwanyoza alamu. Akale ankati mkamwini ndi mlamba sachedwa kuterereka, koma awa ndaona kuti ndi munthu wokhazikika, ndipo mwana amamukonda. Kungoti chikondi chimatseka maso. Iwe amene umamusambitsa ndi amene walemba kuti wasowa mtengo wogwira, ndipo ine ndagwira mawu akowo.

Kuno takonzeka. Ndamanga mpanda wa bango kuzungulira bwalo kuti asamatuluke kupita kumsewu. Chitsime ndachivundikira ndi matabwa. Alamu ako amukonzera pogona m'chipinda chawo chomwe, ndipo ana ndawachenjeza kuti womuseka adzaona chimene chinameta nkhanga mpala. Issa adzandiuze tsiku, ndidzakudikirani pa siteji.

Limba mtima, mlongo wanga. Sukumutaya mwana, ukumubweretsa kwawo.

Pitala


Mpopoma, Bulawayo
11 Ogasiti 2024

Okondedwa achimwene,

Moni kwa inu, alamu ndi ana. Ndikhulupirira chifuwa chinatha. Mukhale pansi powerenga kalatayi, chifukwa mukuilandira m'malo mwa anthu awiri amene mumawayembekezera. Ndinakhala chete dala miyezi iwiriyi. Ndinkafuna ndione kaye ndi maso anga ndisanatsutsane ndi mwini mbumba.

Ndinabwerera kwa sisi Rachel kumayambiriro kwa Juni. Ndinapita nditakonzeka kukalipiridwa, koma iye anayamba ndi kupepesa. Anati analakwitsa kutchula mawu olemera chotero kumapeto kwa tsiku, munthu nditatopa, asanandifunse kuti kwathu mawuwo amatanthauza chiyani. Nditamufotokozera, anagwira pakamwa. Kenako anayang'ana bandeji ija n'kunena kuti tiyambira pamenepo.

Munafunsa kuti ngati anachira bandejiyo ndi ya chiyani. Achimwene, Takondwa sakudwala matenda oti adzachira tsiku lina. Ndi mmene alili, ndipo adzakula choncho. Bandeji ija sinabwere chifukwa Rachel anamusiya. Inabwera chifukwa mwanayo anadzuka tsiku lina n'kupeza munthu amene amamudalira wasowa popanda womuuza chifukwa chake.

Ntchito inayenda chonchi. Masabata oyamba tinkapita monga kale mpaka mwana anakhazikika. Kenako Rachel anasintha mipando: ine kukhala patebulo ndi Takondwa, iye kukhala pakona osalankhula. Zinali zowawa. Mwana akayamba kuvuta ndinkatembenukira kwa Rachel, iye n'kumangoyang'ana pansi ngati sakundiona. Tikamaliza m'pamene ankandiuza pamene ndafulumira. Akuti vuto langa ndi manja ndi pakamwa, ndimathamangira kugwira dzanja la mwana ndi kulankhula mawu khumi pamene pakufunika awiri. Anandiphunzitsa kutsika kufika msinkhu wake, kufunsa kamodzi, n'kudikira. Kudikirako ndiye ntchito, achimwene, kuposa kusoka. Anandiuzanso kuti ndizimuphunzitsa m'Chichewa, chifukwa iye ankamuphunzitsa m'Chindebele ndi Chingerezi, pamene chinenero chimene ndimalira nacho ndi kuseka nacho m'nyumba ndi china.

Tinasiya Lachinayi, kutsala Lachiwiri lokha. Kenako tinayamba kudumphitsa sabata. Bambo ake ankapempha nthawi ku ntchito kuti nawonso akhale patebulo paja. Rachel anapita kusukulu kukakhala ndi aphunzitsi, anabweranso kunyumba kudzaona pamene mwana amadyera ndi pogona. Anamupangiranso Takondwa kalendala ya zithunzi yoonetsa masiku otsala, ndipo pa tsiku lomaliza anajambulapo dzanja lobayibitsa, kuti mwanayo aziliona likuyandikira. Sizinayende mosalala. Sabata yoyamba yodumphitsa anakuwa mpaka eni nyumba anatuluka. Koma sanadzilume.

Tsiku lomaliza linali Lachiwiri lapitali. Panalibe phwando. Rachel anatipatsa makadi onse, n'kutiuza kuti adzatiimbira pakapita miyezi itatu, ndiponso kuti zikadzavuta kwambiri chitseko chake si chokhoma. Anatuluka nafe mpaka pafupi ndi pokwerera makombi. Pamenepo anagwada n'kumuuza Takondwa kuti ntchito yawo yatha, wagwira bwino, ndipo tsopano womuthandiza ndi amayi ndi abambo. Ine anangondigwira paphewa. Anandiitana m'Chindebele kuti mayi a Takondwa, nati: "NakaTakondwa, mwana uyu mukumudziwa kuposa ine. Munkangosowa wokuuzani."

Mu kombi munali modzaza. Woyendetsa anakweza wailesi, wothandizira wake akumenya denga poitana anthu. Ndinaona mapewa a Takondwa akukwera, kupuma kukusintha, dzanja likupita kukamwa. Dzanja langa nalo linapita m'chikwama kufuna foni, poti Rachel anali asanafike n'komwe ku ofesi yake. Ndinaisiya. Ndinaweramira pafupi naye, osamugwira, n'kufunsa kamodzi kuti akufuna chiyani. Ndiye ndinadikira, anthu akutiyang'ana, mano ali kale pakhungu.

Anachotsa dzanja kukamwa. Sanandiyang'ane kumaso, anayang'ana batani la juzi yanga, n'kunena kuti: "Amayi, phokoso. Titsike."

Tinatsika pomwepo, ulendo usanafike ndi pakati pomwe, n'kuyenda wapansi mpaka ku Mpopoma. Dzuwa linali likupendeka, fumbi lili m'maso, ine misozi ili mbwembwembwe, iye akuwerenga mapolo a magetsi osadziwa chimene wachita. Zaka khumi ndakhala mayi wake, ndipo aka kanali koyamba kuti avutike n'kuitana ine.

Achimwene, mpanda wanu ndi matabwa apachitsime ndikuziona ndi maso amumtima, ndipo ndikudziwa kuti munazichita chifukwa cha chikondi. Koma ndikamusiya kumeneko adzadzukanso tsiku lina n'kupeza anthu ake asowa, ndipo ulendo uno adzakhala mayi ake ndi bambo ake. Sindingathe. Sindinayambe ndakukanirani kanthu chibadwire. Mwana sabwera. Ngati mundikwiyire, ndikwiyireni ine, bambo ake muwasiye.

Ine mlongo wanu,
Abigail


Linthipe, Dedza
25 Ogasiti 2024

Abigail,

Tili moyo. Issa anangonditumizira uthenga pafoni kuti tikufika Lachisanu, ndiye ndinalawirira pa siteji. Pa kaliyala ya njinga ndinamangapo pilo kuti mwana asamve mabampu. Alamu ako anapha nkhuku. Minibasi itaima anatsika Issa, anatsitsa zikwama zake, chitseko n'kutsekedwa. Ndinamufunsa ngati inu mukubwera pa ya m'mbuyo. Iye anayang'ana kumbali n'kundipatsa envulopu.

Ndinawerengera pomwepo, pansi pa mtengo wa pa siteji. Sindikubisira, ndinapsa mtima. Pobwerera njinga sindinaikwere, ndinkangoikankha, ndipo anthu amene ndinawauza kuti ndikukatenga mdzukulu wa malemu mayi ankandifunsa njira yonse. Sabata yathunthu kalata yako inakhala m'thumba la jekete osaitulutsa.

Dzulo alamu ako anandipempha kuti ndiwawerengere mokweza. Nditafika pa mawu a mwana mu kombi muja, ndinaika pepala pansi. Iwo anadikira, kenako anandifunsa kuti ndikanakhala ine mu kombimo ndikanatani. Ndinayankha kuti ndikanamugwira dzanja mwamphamvu n'kuuza woyendetsa athamange. Anangoti, ndiye mwanayo akanalankhula nthawi yanji?

Za mayi Rachel sindinena kuti ndamvetsa zonse. Mtima wanga ukanali ndi mantha, ndipo miyezi itatuyo ikakwana undilembere zoona zokhazokha, zabwino ndi zoipa zomwe. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mwana akhale ndi mayi ake ndi bambo ake. Mawu amenewa ndanena ine mwini mbumba, ndipo aliyense wofunsa kuno ndimuyankha ndekha. Alamu a Percy uwapatse moni, uwauze kuti kalata yawo ndinaiyankha mothamanga.

Chimene ndikupempha ndi chimodzi. Mukadzapeza mpata mudzabwere nonse atatu, kudzacheza chabe, n'kubwerera nonse atatu. Koma musanabwere undilembere bwinobwino mmene ndingamupatsire moni mwanayo: ndiime pati, ndinene mawu angati, manja anga ndiwaike pati. Ulembe zonse ngati ukuphunzitsa mwana wa sitandade wani, usachite nane manyazi. Ndakhala ndikulamula za moyo wake chaka chonsechi, koma nditakumana naye pamsewu sindingamuzindikire.

Ndine mlongo wako,
Pitala